Chopondera Moto cha a Nachisale

Ana inu, miyambi ili ngati anthu, uliwonse uli ndi kwawo. Wa lerowu kwawo ndi ku Dedza, kuseri kwa msika, m'garaja yamalata ya malemu a Gwaza. Alipo akuluakulu amene adzakuuzeni kuti mwambiwu ndi wakale kuposa galimoto. Musalimbane nawo, akulu sitiwatsutsa. Ingomvani m'mene amaufotokozera a ku Dedza.

A Gwaza anali makaniko, ndipo akazi awo anali a Nachisale. Mayiwa anadwala poliyo ali mwana, mwendo wakumanja n'kutsalira. Unali waufupi, woonda, phazi lake laling'ono ndi lopindikira m'kati. Poyenda ankatsimphina thupi lonse likupendekera mbali imodzi, ngakhale pakamwa pokha sankatsimphina ayi.

A Gwaza anagula kagalimoto kofiira ka mipando iwiri, kofupikira pansi, kaja kopangidwira liwiro. Anakagula kali chiphakasa, nkhuku zikuikiramo mazira, koma anakadzutsa. Atatero anati akazi awo aphunzire kuyendetsa, anthu n'kuseka kuti makaniko wapenga.

Tsono mvetsani apa. Galimoto yotere ikamatsika phiri n'kuyandikira pokhota, woyendetsa amafunika mapazi atatu: lina pa kilachi, lina pa buleki, lina loti liponde moto pang'ono kuti injini ikweze mawu, giya yotsika ilowe mosakanirira. Poti Mulungu anatipatsa awiri okha, phazi lamanja limagwira ntchito ziwiri. Zala zimapanikiza buleki, chidendene n'kumenya moto nthawi yomweyo. Chidendene cha a Nachisale sichinkafikako. Ndiye a Gwaza anazula chopondera moto, n'kuchiwotcha, n'kuchipinda, n'kuwotchererapo kachitsulo kena m'mbali mpaka chinakumana ndi phazi la akazi awo. Chinatuluka chonyansa ngati khasu lakutha, koma nacho a Nachisale ankatsika mtsetse wa Khwekhwerere mwaluso loti madalaivala a malole ankaimika n'kumaonerera.

A Gwaza atamwalira anakaikidwa kwawo, kunsi kwa phiri cha ku Golomoti. Chaka chilichonse anthu akatha kukolola, a Nachisale ankaliza kagalimoto kaja n'kutsika okha kukaona manda a amuna awo.

Anali ndi mwana mmodzi, dzina lake Fatsani, amene ankagwira ntchito ku Lilongwe. Musaganize kuti anali mwana woipa. Amayi ake ankawakonda, ndipo mwezi sunkatha asanawaone. Koma kuyambira ali pasukulu, pamene anzake ankawayeserera kayendedwe, mwendo uja unkamuchititsa manyazi. Akamayenda nawo m'tauni, iye ankapezeka ali patsogolo kapena pambuyo, pambali pawo ayi. Amayi ake ankaziona, n'kumangoti mwanayo ali ndi miyendo yaitali.

Ku Lilongwe Fatsani analowa gulu la anthu okonda magalimoto akale, amene amakumana n'kumaonetsana kuti yokongola ndi ya ndani. Anapempha kagalimoto ka abambo ake kuti akakonze, akapite nako kuchionetsero. Amayi ake anavomera ndi mtima wonse. Anakapenta, anasokanso mipando, ndipo atafika pa chopondera moto chokhota chija nkhope inagwa. Anthu akasuzumira, adzafunsa kuti n'chiyani, iye n'kuyamba kufotokoza za mwendo. Anachizula n'kupatsa ogula zitsulo zakutha, n'kuikapo china chowongoka, chonyezimira. Amayi ake sanawauze.

Nyengo yopita kumanda itakwana, Fatsani anabweza galimoto kuti atsikire limodzi. A Nachisale anaisisita paliponse akumwetulira. Atakhala pachiwongolero, phazi linafunafuna pamalo pake, osapezapo kanthu. Anayang'ana pansi, anayang'ananso mwana wawo amene nkhope inali itawala ndi kunyada.

"Wakonza bwino, mwananga," anatero, n'kudzikankhira kutsogolo kuti zala zifikire.

Pamsewu wosalala zinkayenda. Koma atayamba kutsika Khwekhwerere, pokhota poyamba, zala zinagwira buleki, chidendene n'kumenya m'malere. Giya inakana, inalira ngati chigayo chopanda chimanga. Ataikakamiza, matayala akumbuyo anagwira mwadzidzidzi, galimoto n'kuserereka chammbali kulunjika kuphompho. A Nachisale analimbana nacho chiwongolero mpaka inaima, tayala limodzi lili m'miyala ya m'mphepete.

Fatsani mtima unali m'malere.

"Tisinthane," anatero amayi ake motsitsa. "Yendetsa ndiwe."

Anatsika, n'kuzungulira galimoto akugwiririra, akutsimphina, mpaka kumpando winawo. Kumudzi alamu awo, achemwali a malemu aja, ankakonda kuwalandira ndi nthungululu akangomva kulira kwa injini. Tsikuli anaima pakhonde atagwira pakamwa.

"Mwadwala kodi, alamu? Mpaka kukunyamulani?"

"Ukalamba, alamu," anayankha a Nachisale akuseka. Fatsani anamva kuseka kumeneko ngati mbama.

Kumanda anazula udzu, anapemphera, kenako amayi aja anakhala pansi atatambasula mwendo wawo.

"Chitsulo cha abambo ako chija unachiika pati?"

"Ndinataya, amayi."

"Chabwino. Chinali chitagwira ntchito yake. Sindikukudzudzula, Fatsani. Kungoti m'galimoto muja ndi mokhamo m'mene sindinkatsimphina. Ndikakhala pachiwongolero, ndinkafika kulikonse ngati munthu wina aliyense. Abambo ako anazidziwa zimenezo osachita kuuzidwa. Basi, uzindiperekeza iweyo, si ndiwe mwana wanga?"

Akanakalipa, mwina Fatsani akanapeza poyankhira. Koma mawu ofatsa alibe pogwira. Anachita manyazi, ndipo ulendo uno sanali manyazi a mwendo. Anazungulira kwa ogula zitsulo onse, koma chopondera chija chinali chitapita kale kokasungunulidwa.

Tsiku la chionetsero, mnzake wa kugulu kuja, Yotamu, anafika ku Dedza kuti atsagane. Anapeza chitseko cha garaja chili pululu, chopondera chonyezimira chili pansi, a Nachisale atakhala pachiwongolero chitseko chotsekula. Fatsani anali atagwada m'fumbi ndi thalauzi lake latsopano, katoni ndi khala zili pambali.

"Amayi, ndipatseni phazi."

A Nachisale analibweza pansi pa chitenje. "Lisiye, mwananga. Si loti munthu n'kuligwira."

"Abambo analigwira."

Pang'onopang'ono analitulutsa. Chikhalire Fatsani anali asanaligwirepo, ngakhale kuliyang'anitsitsa. Linakwana m'dzanja lake limodzi. M'mbali mwake, m'mene linkapondera pansi, khungu linali louma gwa ngati chikopa. Anakumbukira kuti phazi limeneli linkakwera naye chitunda cha kuchipatala ali kumsana, ndipo misozi inamulengeza. Anaweramitsa mutu n'kuyamba kulemba mzere pakatoni kuzungulira chidendene.

"Ukundigirigisha," anatero amayi ake.

Anawotcha chitsulo, anapinda, anamanga, amayi ake n'kuyesa. "Chatalikira." Anamasula, anapindanso. "Tsopano chikundigunda ndisanafune. Abambo ako anachigoneka pang'ono, chidendene chizichita kutsetserekerapo." Dzuwa linakwera, Fatsani thukuta lili kamukamu, Yotamu akungoyang'ana wotchi. Pomaliza anamukokera pambali, koma ananong'oneza mokweza monga amachitira anthu opanda nzeru.

"Aise, galimoto waiwononga. Anthu akasuzumira akaona chiyani? Zonsezi chifukwa cha kamwendo ka masteni? Ukanangowagulira ina yosintha yokha magiya."

Fatsani anapukuta manja, n'kuyankha mosakweza mawu, koma momveka mpaka kwa owotcherera mageti a tsidya lina la msewu, amene anali atabwera kudzaonerera.

"Akafunsa, ndikawauza kuti ndi cha amayi anga. Yotamu, mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo."

Kenako anakatsekula chitseko cha mpando winawo n'kukhala. "Amayi, ku Lilongwe mundiperekeza ndinu."

A Nachisale anamanganso mpango, analiza injini. Pokhota polowera mumsewu waukulu zala zinagwira buleki, chidendene chinamenya moto, injini inakuwa kamodzi, giya n'kulowa ngati mpeni m'papaya. Mayi aja anaseka mpaka misozi. Yotamu anawatsatira pambuyo, ndipo amati anakawapeza atafika kalekale. Kuchionetsero sanapambane kanthu. Koma potsika galimoto Fatsani anapereka mkono, ndipo anayenda pambali pa amayi ake, pang'onopang'ono, kudutsa pakati pa anthu onse.

Owotcherera mageti aja ndi amene anawanditsa mawu a Fatsani, mpaka anasanduka mwambi: mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Tanthauzo lake n'lakuti amene anakubereka ndi wako basi, kaya ndi wolumala, wosauka, wosaphunzira, kapena amavala zoti anzako n'kuseka. Sumusankha ngati nsalu pamsika, ndipo ukamukana palibe wina amene adzakhale mako. Komanso kumukonda chobisa n'kosakwanira. Fatsani ankawakonda amayi ake kuyambira kale, komabe anatsala pang'ono kuwalanda malo okhawo amene ankayenda mowongoka. Tsono inu, mukadzaona mwendo wa mayi wanu ukuchepa, musathamangire patsogolo. Fupikitsani mayendedwe anu, mufike naye limodzi.