Dzinyanya za Nangondo

Kalekalelo, chaka china mvula itakana, kunagwa njala. Njala yeniyeni, mwanawe, osati iyi mumalira inu ndiwo zikangochepa mchere.

Kunali mayi wina dzina lake Nangondo. Mwamuna wake anapita kutali kukasuma chakudya, osabweranso. Anatsala ndi mwana mmodzi wamkazi, Sekanawo.

Anadya gaga, gaga anatha. Anadya nkhuku, nkhuku zinatha. Anakumba chilazi cha kuseri kwa nyumba, n'kudya ndi mbewu yomwe. Mudzi wonse unalowa m'thengo kukumba mipama, nayonso inatha.

Pamwamba pa njalayo, Sekanawo anatuluka chilonda pamwendo. Chilonda chikukula, mwana akuonda. Chilonda chikukula, mwana akuonda.

Tsiku lina Nangondo anabereka mwana, natenga kakhasu, nalowa m'thengo. Anayenda, nayenda, mpaka anapeza Nguluwe akufukula pansi. Nguluwe anaona chilonda chija, chisoni chinamugwira. Anamuonetsa zimene amafukulazo, namuuza kuti ndi dzinyanya, abale ake a chilazi ndi mpama. Anati apaleko pang'ono apake pachilondapo.

Nangondo anapala, napaka. Anapakanso. Chilonda chinayamba kuuma.

Koma njala sinaume ayi. Nangondo anabwerera kuthengo kuja.

"A Nguluwe, zimene zachiritsa mwana wanga, kodi sizidyeka?"

Nguluwe anati, "Zimadyeka, mayi, koma zili ndi ululu. Musende, mudule mopyapyala, muviike m'madzi oyenda mpaka kuwawa kuthe. Mukaphika, muyambe inu kulawa. Mudikire dzuwa lipendeke. Mwana adye pambuyo."

Nangondo anakumba, nakumba, koma mphamvu analibe. Anangopeza zochepa. Anasenda, nadula, naika m'kadengu. Kumtsinje anapeza madzi ataphwa, kwangotsala timadzi todontha pathanthwe. Anatchera kadengu kake pomwepo, nakhala pansi kudikira.

Kunacha. Sekanawo anafunsa, "Amayi, zapsa?"

"Dikira, mwanangu, madzi akutsuka."

Kunachanso. Sekanawo anafunsa ndi timawu tating'ono, "Amayi, zapsa?"

"Dikira, mwanangu, madzi akutsuka."

Kunachanso. Sekanawo sanafunse. Ankangoyang'ana amake, milomo itauma, khosi likulephera kunyamula mutu. Apa mantha anamugwira Nangondo. Anaona kuti akadikirabe, dzinyanya zidzayera koma wodya sadzakhalapo. Anavuula kadengu kaja, nathamangira kunyumba, naphika.

Atavundukula, mtima unasweka. Zonse zija zinali zitafota, zongodzaza chikhatho chimodzi.

Mawu a Nguluwe sanawaiwale ayi. Usamunamizire. Anatola kachidutswa, napita nako kukamwa. Maso a Sekanawo anatsatira dzanja lija, kuchokera mumphika mpaka pamlomo. Ndiye ukudziwa, kwathu kuno mayi sadya mwana akuyang'ana. Chakudya chikachepa, mayi amati ndakhuta, m'mimba mukulira. Ndi mmene analeredwera Nangondo, ndi mmene analeredwera amake.

Dzanja linaima. Mumtima anati zimene zinapoletsa mwendo wa mwana sizingamuphe mwana yemweyo. Anatsitsa kachidutswa kaja, nakaika m'kamwa mwa Sekanawo.

Mwana anadya, nadya. Ananyambita zala. Anamwetulira, chinthu chimene anali atasiya kalekale.

"Amayi, idyaniko."

"Ndadya kale, mwanangu. Tsiriza."

Anatsiriza zonse.

Dzuwa litapendeka, Sekanawo anayamba kusanza. Thupi linanjenjemera, maso anatembenuka. Nangondo anamumwetsa madzi, madzi anabwerera. Anamuitana dzina, mwana osayankha. Anamubereka, nathamanga, nagwa, nadzuka, mpaka anafika kwa Nguluwe. Anagwada, napempha muzu, khungwa, tsamba, chilichonse chochotsa ululu.

Nguluwe anafunsa, "Munalawa, mayi?"

"Zinali zochepa. Ndikanalawa ine, iye akanadya chiyani?"

Nguluwe anaweramitsa mutu. "Mukanalawa, mukanasanza inu wamkulu, mwana akanakhala moyo. Mankhwala ake ine sindiwadziwa."

Nangondo anabwerera. Panjira ankalankhula ndi mwana kumsana, kumulonjeza phala, kumulonjeza chimanga chachiwisi mvula ikadzagwa. Asanafike pamudzi, anamva timanja tija tikumasuka pamapewa pake. Sanamutsitse. Anayendabe, akulankhulabe, chifukwa ankaopa kuona.

Kunyumba anamugoneka pamphasa. Analira mpaka mawu anatha. Kenaka anakwawira kumphika kuja, kuti adye zotsala atsatire mwana wake. Anapisa dzanja. Anakanda pansi, nakanda m'mbali. Munalibe ngakhale kanyenyeswa. Zonse anali atampatsa Sekanawo.

Amati chifundo chinapha nkhwali. Kwa Nangondo chifundo chinasiya mwini wake, chinapha mwana. Ine nthano iyi imandiwawa, chifukwa mayiyu sanali waulesi, sanali wouma mtima. Koma zomera za m'thengo sizimva chisoni. Chomwe chimapoletsa chilonda chimaphanso, chomwe chimakhutitsa chimaphanso. Akakuuza malamulo ake, utsate onse, ngakhale lija lokupweteka mtima.

Nthano yanga, mwanawe, yathera pamenepa.