Gulo ndi Phala la Masana

Chaka chimene mvula inathawa nkhalango ya kuseri kwa phiri, njala inafika poti ngakhale Gulo, buluzi wa mutu wobiriwira uja, anayamba kufuna ntchito. Amene mukumudziwa Gulo mudziwa kuti pamenepo zinthu zinali zitaipadi.

Ntchito inalipo imodzi yokha. Kampani ina ya kutsidya kwa nyanja inamanga shedi yoswera mtedza, nkuika a Njati kukhala bwana. Agologolo, mbewa ndi mayi Nungu ankaswa mtedza kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, mtedzawo nkumakadyedwa kutali ndi oti sanauonepo uli m'makoko. Poyamba belu linkalira masana, antchito nkumwa phala. Kenaka a Njati anati phala likudya nthawi. Belu analimasula, mphika nkuuvundikira.

Atalowa ntchitoyo, Gulo sanachedwe kutupa zala. Akudandaula kuseri kwa matumba, anamva a Njati akudziyankhulira okha.

"Ogula akunjawa akuti pashedi pakhale woimira antchito, apo ayi mtedza sagula. Woimira antchito ndi mutu wopweteka basi."

Gulo anakwera pathumba nayamba kugwedezera mutu.

"Iwe, ukuvomera chiyani?" anafunsa a Njati.

"Zimene mwanenazo, bwana."

"Nanga ndikati dzuwa limatulukira kumadzulo?"

"Ndinaliona dzana, bwana," anatero Gulo, mutu uli m'mwamba ndi pansi.

Tsiku lomwelo anamupatsa udindo woimira antchito, mwala wofunda pakhomo pa ofesi, ndi mbale ya ngumbi zokazinga m'mawa uliwonse.

Mayi Nungu anabwera ndi kathumba ka nsinjiro. "Achimwene, poti ndinu pakamwa pathu, kauzeni abwana phala lathu libwerere. Ana a mbewa akukomoka pantchito."

Gulo anagwedezera mutu, nalandira nsinjiro. Analowa mu ofesi, a Njati nkuti phala silibwerera, iye anagwedezeranso mutu, nadya ngumbi. Zinayenda choncho mpaka khosi linayamba kupindika ndi mafuta. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma Gulo ankati mvula yake iti, poti chaka chino sikugwa.

Tsiku lina mayi Nungu anabwera opanda nsinjiro. Anazula munga umodzi pamsana pawo nkuuika pamwala.

"Uwu ndakupatsani pamanja, achimwene. Phala likapanda kubwerera, inzakeyo ndidzakupatsani chobwerera m'mbuyo."

Mantha anamugwira Gulo, ngumbi zija nkusanduka zowawa. Kutsogolo chiboda cha a Njati, kumbuyo minga ya mayi Nungu. Koma anakumbukira kuti pali mmodzi amene a Njati ankamuopa: a Dokowe, mbalame ya miyendo yaitali imene ogula aja ankaituma chaka ndi chaka kudzaona ngati antchito akusamalidwa.

"Bwana, chakudza sichiimba ng'oma," anatero Gulo. "A Dokowe sanena tsiku lobwera, ndiponso mawu sakhulupirira, amavundukula mphika. Ndiloleni ndizikhala pamwamba pa mtengo. Ndikangowaona ndidzakuuzani, inu nkutereka phala msanga."

A Njati anati mwanayu ali ndi nzeru.

M'mawa mwake Gulo anafuula ali kunsonga: "Akubwera, bwana. Oyera, miyendo yaitali."

A Njati anathamanga, anapachika belu, anasonkha moto, phala nkupsa, antchito nkumwa mpaka kunyambita mbale. Chinatera ndi kakowa wa kudambo komweko, amene anangodzapempha nkhupakupa za pamsana pa abwanawo.

"Amafanana, bwana," anatero Gulo. "Mwina ndi msuweni wawo, amutuma kudzazonda."

Mawa lake unali mtambo. Mkucha unali mtambo wina, woonda miyendo. A Njati ankaphika, antchito ankamwa, Gulo ankatsika kudzalawa mphika m'dzina la udindo. Akanalekera pomwepo bwenzi zili bwino, koma chokoma sichimva kuti basi.

Tsiku lina anafuula pa chinthu choyera chimene chinkatsika ndi mphepo. A Njati anavala tayi, anagwada pabwalo, nayamba malonje: "Takulandirani, bwana wamkulu. Monga mukuonera, ife pano ndi banja limodzi." Mlendoyo sanayankhe. Anazungulira, nkudzakola panyanga. Linali jumbo la shuga long'ambika.

Mbewa zinaseka mpaka kugwera m'matumba. A Njati sanaseke.

M'mawa mwake mphika unali wovundikira, belu lili pansi, chiboda cha a Njati chili pamchira wa Gulo.

"Lero undiuze bwinobwino amene akubwera."

Gulo anayang'ana kumwamba kuti atsanzikane ndi dzuwa, ndipo anaona mapiko. "Akubwera, bwana."

"Jumbo lina?"

"Ili lili ndi mlomo, bwana."

A Dokowe anatera pakati pa bwalo, napita molunjika kumphika, nkuuvundukula. Munali kangaude ndi ana ake. A Njati thukuta linayenderera mpaka m'ziboda.

"Chotsani phazi ndikupulumutseni," ananong'ona Gulo. Chiboda chitachoka anapita kutsogolo akudzikonza khosi. "Pepani, bwana mlendo, ine ndine woimira antchito. Mphika uwo tinausiya, unachepa. Abwana athu anati antchito awo sangamwe phala lopanda kanthu. Tsopano timaphikira mumgolo, timathira nsinjiro ndi shuga, ndipo amatakasa ndi iwo eni."

"Tsiku lililonse?" anafunsa a Dokowe.

Gulo anagwedezera mutu. A Dokowe anatembenukira kwa a Njati. A Njati, mutu wawo waukulu uja, nawonso anagwedezera.

"Ndayenda maiko ambiri, zotere sindinazione," anatero a Dokowe. "Ndimanga chisa padenga la shedi lino, ndizionera mpaka nyengo yobwerera kwathu. Anzanga akabwera ndidzawasiyira chisacho."

Masana amenewo a Njati anatakasa phala mumgolo, utsi ukuwaliza misozi, tayi ili paphewa. Ana a mbewa anamwa nkuwonjezera. Gulo anakhala pamwala pake akuseka chamumtima, mimba ili ng'aning'ani padzuwa.

Mayi Nungu anatengera mlendo mbale yake.

"Zikomo, mayi, kwathu phala sitimwa," anatero a Dokowe. Diso lawo linayendayenda pabwalo nkukaima pamwala. "Koma woimira antchito wonona chonchi sindinamuonepo. Musaope, achimwene. Kwathu kuli lamulo, sitichita kanthu wantchito asanavomere. Mukuvomera kuti ndikulaweni pang'ono?"

Gulo anafunitsitsa kupukusa mutu. Koma khosi lija linali litaiwala njira ya kukana. Linapita m'mwamba, nkubwera pansi.

Mlomo unagogoda pamwala, Gulo ali kale kuseri kwa mtengo.

Udindo anautenga mayi Nungu, amene palibe angawaponde kapena kuwameza. Phala lilipobe mpaka pano. Ndipo mukamuona Gulo akuzungulira kuseri kwa thunthu mukamayandikira, musamuseke kwambiri. Belu la masana amalimva bwinobwino, ndipo amaligwedezera mutu, kungoti mbale yake ili pansi pa chisa.