Mwezi wobwereka wa Kalolaine

Mu holo ya tchalitchi momwe amayi a pachisumbu chathu amalukiramo mikeka, manja amakhala pa masamba koma pakamwa pamayenda mudzi wonse. Kalolaine ankaluka chakumapeto kwa mzere, ndipo pa mafunso palibe ankamuposa. Anali atatha zaka zitatu pabanja ndi Sitaleki, kumsana kulibe kanthu. Mwamunayo ankakhala pakhomo miyezi yochepa chabe pachaka, yotsalayo ankathyola maapozi ku Tasmania.

Chomwe chinkamuzunguza mutu Kalolaine ndi msambo wake. Unkabwera ngati sitima ya katundu: mwina msanga, mwina n'kudumpha miyezi iwiri osaoneka. Sikuti ankangodandaula ayi, ankafunitsitsa kudziwa. Kodi m'mimbamu mumachitika chiyani pamene kunja kuli zii? Nanga n'chiyani chimauza thupi kuti lero ndi lero?

"Iwe Fololeni, zako zimabwera bwanji?" anafunsa mnzake tsiku lina.

"Zanga? Ngati belu la tchalitchi, mwali. Ukasamba, dikira pafupifupi sabata ziwiri, kenako abambowo uwatsekere chitseko, asapite kokamwa chakumwa chawo chija cha kava. Ana anayi ndili nawowa ukuyesa ndinatola pamsewu?"

Amayi onse anafa nacho chiseko. Wina anati, "Koma iwe, bwanji osangopita kwa anesi? Si alamu ako omwe?"

Apo ndiye panagona vuto. Nesi wa pachipatala chathu chaching'onocho anali Meleane, mlongo wake wa Sitaleki. Kwathu kuno mlongo wa mwamuna ndi munthu wolemekezeka kwambiri. Ndiye amatcha ana mayina, mkeka wabwino koposa umapita kwa iye, ndipo nkhani za kuchipinda kwa mchimwene wake sizitchulidwa iye ali pomwepo. Kalolaine akangoganiza zokhala pamaso pa Meleane n'kumafotokoza za masiku ake, thukuta linkamutuluka. Choncho anabwereka mwezi wa Fololeni, ngati kuti thupi ndi poto wobwerekana.

Sitaleki atabwera, mkaziyo anatsata malangizo aja mwakhama. Pa masiku a Fololeni mwamuna sanaone khomo la kava. Mwezi unatha, msambo osaoneka. Sabata ina inadutsa, inanso. Mtima wa Kalolaine unayamba kuvina.

"Sitaleki, ndikuona ngati zatheka," ananong'ona m'mawa wina akupala kokonati.

"Ukunena zoona iwe? Tiye kwa Meleane akakuyeze!"

"Mwapenga kodi? Alongo anu? Thupi langa ndikulidziwa ndekha. Ndipo kuyambira lero muzigona pabalaza, mungandigwedezere mwana."

Munthu wamkuluyo ananyamula pilo wake akumwetulira ngati wapatsidwa mphoto. Anagona pabalazapo masabata angapo osadandaula. Chimwemwe chinamupatsanso maganizo atsopano: mwana amafuna nyumba yolimba, yoti chimphepo chisamaisasule chaka ndi chaka. Anthu olemba ntchito atafika ku Nuku'alofa, tauni yathu yaikulu, iye anasiya za maapozi n'kusaina ntchito ya zaka zinayi pa fakitale ya nyama ku Australia. Kalolaine anamuperekeza kudoko atagwira pamimba, anthu akumuyang'ana mwaulemu.

Sabata isanathe, msambo unafika, wamba ngati wa nthawi zonse.

Analira tsiku lonse. Kenaka mantha oti mwina wapita padera anaposa manyazi, ndipo anavala kamkeka kake ka m'chiuno, kosonyeza ulemu kwathu kuno, n'kulowera kuchipatala. Meleane anatseka chitseko, anamuyeza, n'kumufunsa mafunso modekha.

"Alamu, simunapite padera. Munalibe pathupi."

"Nanga kuchedwa konse kuja?"

"Dzira limakhwima pafupifupi sabata ziwiri msambo usanabwere, osati sabata ziwiri chibwerereni. Kwa Fololeni zimenezi zimagwera tsiku limodzi chifukwa mwezi wake susintha. Wanu ukatalika, dziranso limachedwa."

Ngakhale misozi inali m'maso, Kalolaine anasendera kutsogolo. Limenelitu ndi yankho lomwe analisaka zaka zonsezi. "Ndiye kuti langa linakhwima liti?"

Meleane anayang'ana pansi pang'ono. "Mukawerenga chobwerera, ndi sabata imene achimwene anali asananyamuke. Ankagona kuti?"

"Pabalaza," Kalolaine ananong'ona.

"Zizindikiro zake zilipo, ndikanakuphunzitsani," anapitiriza Meleane. "Zikanavuta ndikanakutumizani kwa adokotala kutauni, mankhwala othandiza alipo. M'chipinda muno sindine mlongo wa munthu, ndine nesi. Ine ndakhala ndikudikira kuti nditche mwana wanu dzina, inu n'kumandilambalala pamsewu ngati ndili ndi minga."

Madzulo ake Sitaleki anaimba foni, mawu ali odzaza chisangalalo. Anati wagula kale tizovala tiwiri tachikasu, popeza sakudziwa ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Kalolaine anamuuza zonse. Mwamunayo anafunsa chapansipansi kuti, "Ndiye tiyambirenso liti?" Onse awiri ankadziwa kuti tchuthi chake choyamba chinali chaka chamawa.

Chipatalacho chili pafupi ndi nyumba yawo, moti tambala akalira uku amamveka uko. Akuluakulu sananame: mbewa ya manyazi idafera kuuna.