Chingwe Chofiira cha Kachemwali

Pakhonde la kuseri kwa nyumba ya Chimanjamanja sipankasowa zingwe. Ena amayanika malaya ndi zofunda, koma pamenepo pankalendewera zingwe za thonje, zotuwa, zolobodoka ngati matumbo a nkhuku. Mwini nyumbayo anali wamatsenga, osati a zitsamba ayi, koma a zala: kudula chingwe anthu akupenya, n'kuchilumikizanso popanda mfundo. Dzinalo anam'patsa chifukwa asanachite kalikonse ankayamba waonetsa anthu manja opanda kanthu. Loweruka lililonse masana ankasangalatsa mabanja pa hotela ina ya m'tauni, ndipo mlongo wake wamng'ono ndiye ankam'nyamulira chikwama. Mtsikanayo anakula, anakwatiwa, ukwati n'kutha, koma pa hotelapo dzina lake linali Kachemwali basi.

Kenaka sitiroko inam'gwira Chimanjamanja, dzanja lamanja n'kufa. Bwana wa hotela anadikira mpaka kuleza mtima kunam'thera, ndipo anatumiza mawu akuti Kachemwali adzayese Loweruka lotsatira. Akakwanitsa, nsanja yoonetserapo matsenga ikhalabe ya banjalo. Zikavuta, aikapo woimba wina amene ankangozungulirazungulira pa ofesi.

Luso Kachemwali anali nalo, tisam'namizire. Zala zake zinkathamanga kuposa za mlongo wake. Chimene chinkamudya mumtima chinali kukhala mthunzi wa munthu wina, ndipo mkwiyo wonsewo anautsanulira pa zingwe zotuwa zija. Paja chingwe cha matsenga sichichoka m'sitolo n'kulunjika pansanja. Umasankha cha thonje cholukidwa mofewa, n'kumasula kunsonga kuti upeze ulusi wa m'kati, umene awiriwa ankautcha mtima. Ukatero umausolola pang'onopang'ono uku ukukankhira khungu kumbuyo, mpaka m'kati mutatsala mopanda kanthu. Kenaka umachichapa m'madzi ofunda, kuchiyanika pamthunzi, n'kupaka guluu kunsonga kuti chisamasuke. Chingwe chotere chimamvera. Ukachipinda chimagona phee m'chikhatho, ndipo sizasi imadutsa kamodzi. Ntchito imeneyi Kachemwali anaigwira kuyambira ali mwana, ndipo sanaikondepo.

Tsono anapita ku sitolo ya makatani. Kumeneko anapeza chimene mtima wake unkafuna: chingwe cha nayiloni, chofiira psuu, cholukidwa ndi timaulusi tonyezimira ngati golide. Anafika nacho kunyumba akuyenda monyang'wa.

"Achimwene, taonani zinthu!"

Chimanjamanja anachilandira ndi dzanja lamanzere, n'kuchipinda. Atachisiya chinawongoka chokha, njo.

"Chakongola," anatero. "Mtima wachotsa?"

"Sutuluka. Anaulukira limodzi ndi khungu."

"Ndiye n'cha makatani chimenechi, chemwali. Chingwe chokana kugona m'dzanja langa chikakukana pagulu."

"M'dzanja lanu! Ine manja anga onse ali moyo."

Mawuwo atangotuluka anamva chisoni, koma sanali munthu wobweza malovu kukhosi. Anangopitiriza, mawu ali m'mwamba. "Anthu atopa nazo zingwe zanu zomangira mbuzi. Tsobola wakale sawawa. Ndikufuna ngakhale wokhala kumbuyo kwenikweni aone kuti pansanja pabwera munthu, osati chikwama cha Chimanjamanja chikuyenda chokha."

Mlongo wakeyo anangom'bwezera chingwecho.

Masiku otsatirawo Kachemwali anadzitsekera kuchipinda n'kumayeserera pagalasi. Mfundo zinkavuta, koma ankazikakamiza mpaka zitheke. Kudula kokha ndiye sanayese, poti chingwe anagula chimodzi ndipo chinam'komera kwambiri moti sakanachiononga popanda womuombera m'manja. Kukhonde sankapondako. Ankangomva madzi akukhuthuka m'beseni ndi mlongo wake akubuula, iye n'kumati mumtima, asiyeni, chizolowezi sichimva mankhwala. Loweruka m'mawa ali pakhomo, chikwama chili paphewa, anamva mawu kumbuyo kwake.

"Tenga kajumbo aka, ungoika m'chikwama. Sikalemera."

"Ndati ayi, achimwene," anayankha osacheuka, n'kutseka chitseko.

Holo ya hotela inadzaza makolo ndi ana. Bwana uja anakhala kutsogolo, manja atapinda pachifuwa. Kachemwali atatulutsa chingwe, magetsi anachimenya ndipo chinang'anima, anthu onse n'kuti, "Eee!" Mtima wake unayera mbee. Anayenda nacho uku ndi uku, kuchizunguza m'mwamba, n'kudziuza kuti akanakhalapo achimwene akanaona okha. Mfundo yoyamba, imene imayenera kusungunuka ukangoiuzira mpweya, inakakamira. Anaikoka mwamphamvu mpaka inamasuka, iye n'kuseka ngati anachitira dala. Anthu anam'khululukira.

Tsono inafika nthawi yodula. Chinsinsi chake n'chakuti sudula pakati penipeni. Umapinda kachigawo ka kunsonga kuti kaoneke ngati pakati, n'kudula pamenepo, ndipo kachidutswa kotsalako umakabisa m'chikhatho. Kachemwali anapinda, koma chingwe chinkakankha zala zake chikufuna kuwongoka. Anachifinya mpaka mitsempha inaoneka. Analowetsa sizasi. Sizasi inangotafuna. Anayesanso, khungu lofiira lija linang'ambika n'kuthawira kumbuyo, ndipo panatuluka mtima woyera, wolimba, wa ulusi wambirimbiri umene unayamba kuyanzika ngati ndevu za chimanga. Ataluma mano n'kukanikiza ndi mphamvu zake zonse, chingwe chinaduka, koma pomwepo chinafwamphuka m'dzanja. Kachidutswa kachinsinsi kaja kanauluka n'kukagwera pa nsapato ya bwana.

Kamtsikana kena kanaimirira pampando. "Amama, sanadule pakati! Adula kunsonga!"

Holo yonse inafa nacho chiseko. Kachemwali sanathawe. Anatsika pansanja, anatola kachidutswako pamapazi a bwana, anawerama pamaso pa anthu monga amachitira wopambana, n'kulongedza chikwama mosafulumira. Bwanayo anam'peza pakhomo. "Pepani mayi, mwaona nokha," anatero. Kumbuyo kwake wantchito anali atayamba kale kuchotsa chikwangwani chakale cha dzina la Chimanjamanja, ndipo woimba uja ankalowetsa masipika ake.

Kachemwali anatuluka mutu uli m'mwamba, maso ali gwa. Pa benchi la pafupi ndi geti anapeza mlongo wake atakhala, ndodo itatsamira pabondo, kajumbo kaja kali pamiyendo. Munthu woyenda mokoka mwendo anali atakwera minibasi yekha kudzafika pamenepo.

"Mwabwera kudzaonera manyazi anga?" anatero Kachemwali. "Nenani tsono. Nenani kuti munanena."

"Ndimati mwina ukachifuna ndikhale pafupi," anayankha Chimanjamanja. "Koma masitepe a m'holomo andikanika."

Anam'patsa kajumboko. M'katimo munali chingwe cha thonje, chochotsedwa mtima, nsonga zake zomatidwa bwino ndi guluu, chofewa ngati nsalu ya khanda. Ndipo chinali chofiira. Apa m'pamene Kachemwali anayang'anitsitsa mlongo wake koyamba m'masiku onsewo. Dzanja lamanzere linali lofiira mpaka m'kasukusuku, ndipo utoto wa nsalu unali utam'detsa milomo ndi chibwano.

"Kukamwaku bwanji?"

"Ndi dzanja limodzi chingwe sungachifinye, ndiye ndimachiluma," anatero akumwetulira ndi mbali imodzi ya nkhope. "Unati ukufuna chofiira. Pamenepo sunalakwe, zanga zija zinatuwadi."

Misozi imene Kachemwali anaikana pamaso pa gulu inatuluka pamenepo. Analira ndi manyazi, analiranso ndi chisoni chifukwa cha mawu aja a manja amoyo. Anagwira dzanja lakufa la mlongo wake n'kuliika pachifuwa pake. "Mundikhululukire, achimwene. Nsanja yanu ndataya ndine."

"Yapita imeneyo," anatero Chimanjamanja. Sanam'namize.

Mabanja anali atayamba kutuluka pageti, ena akum'loza n'kumaseka. Kachemwali anapukuta nkhope, anaimirira, n'kutulutsa sizasi m'chikwama. Ukali wake unali usanathe, unangopeza kolowera.

"Nsanja atenga, koma msewu si wawo," anatero. Anaitana kamtsikana kaja ndi chala. "Iwe wa maso akuthwa, bwera uime pafupi. Uyang'anitsitse."

Anaonetsa anthu manja opanda kanthu, monga ankachitira mwini dzina la Chimanjamanja. Anapinda chingwe, ndipo chinagona phee m'chikhatho. Sizasi inadutsa kamodzi. Anauzira mpweya, n'kuchitambasula chathunthu, kamtsikanako kukamwa kuli yasa. Amene anaomba m'manja anali anthu ochepa chabe oima m'mbali mwa msewu, ndipo Chimanjamanja ankamenya bondo ndi dzanja lake lofiiralo. M'holo muja masipika a woimba anali atayamba kulira, ndipo Loweruka lililonse kuyambira pamenepo ankalira momwemo.

Chingwe cha makatani chija Kachemwali sanachitaye. Anachipachika pakhonde la kuseri, pakati pa zinzake za thonje, mtima wake woyera uli panja. Akakhala pansi kusolola zingwe ndi kuzinyika mu utoto, mlongo wake akum'gwirira nsonga, amachiyang'ana n'kupukusa mutu. Akuluakulu sananame: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.