Mfumu Imene Inkadya Pomalizira

Kalekale, nyama zisanaleke kuyankhula, kunali dziko la ambira, tinyama tija tokhala m'miyala. Khalani nane, inu omvera, tiyendere limodzi.

Dzikolo linali phiri la miyala yokhayokha, lodzaza mapanga ndi ming'alu. Pamwamba pake panali thanthwe lalitali, ndipo pathanthwepo ndi pamene pankakhala mfumu. Ntchito ya mfumuyo inali imodzi yokha: kuyang'ana kumwamba. Ambira onse akatsikira kudambo kukadya msipu, iyo inkatsala yokha padzuwa, maso ali kuthambo. Ikaona Chiwombankhanga, mbalame yolusa ija imene imakwatula ana, inkaliza likhweru, onse n'kuthawira m'mapanga. Mfumu inkadya pomalizira, msipu wanthete utatha kale.

Tsono mfumuyo inakalamba, ndipo maso ake anayamba kuchita chidima. M'mwezi umodzi wokha Chiwombankhanga anatenga ana awiri chifukwa likhweru linachedwa. Mfumu inaitana Kamwendo, mwana wa mlongo wake, amene anali woyenera kulowa ufumu.

"Mphwanga, maso anga atha," inatero mfumu. "Mwezi watsopano ukaoneka, thanthwe ndi lako."

Kamwendo sanakondwe nazo. Iye ankakonda msipu wanthete, ankakondanso mthunzi. Anachoka mwakachetechete, nakakhala pansi pa mtengo wa kachere, dzanja lili patsaya.

Ali chikhalire, panthambi panatera Khwangwala.

"Bwanawe, nkhope yagwa chotere bwanji, ngati maliro ndi ako omwe?"

Kamwendo anamufotokozera zonse. Khwangwala anaseka mpaka nthambi inagwedezeka.

"Ine ndauluka maiko onse," anatero. "Kwa chiswe ndafikako. Kwa njovu ndafikako. Kwa mikango ndafikako. Konseko mwambo ndi umodzi: mfumu imadya poyamba. Ndinu nokha ambira amene mumayanika mfumu yanu padzuwa ngati makaka. Kauze anthu ako kuti dziko lonse lapansi linasiya kale zimenezo."

Mawuwo anamukomera Kamwendo. Anathamangira kwa mfumu, nagwada.

"Atsibweni, ufumu ndilowa, koma mwambo usinthe. Maiko onse mfumu imadya poyamba. Wandiuza ndi Khwangwala."

Mfumu inati, "Khwangwala anaona maikowo ali m'mwamba. Wouluka amaona denga, sadziwa chimene chili mumphika. Pita ndi miyendo yako. Ukalowe pakhomo, ukapereke moni, ukafunse eni ake. Ukapeza kuti ndi zoona, mwambo ndidzausintha ndi pakamwa pangapa. Koma ubwere mwezi usanaoneke, pakuti maso anga sadikira munthu."

M'mawa mwake Kamwendo ananyamuka. Anayenda, nayenda, mpaka anafika pa chulu chachikulu, dziko la chiswe. Anaima pakhomo naomba m'manja.

"Odi kuno!"

"Odini!" anayankha asilikali a mitu yofiira.

Anamupatsa madzi akumwa pa tsamba, namufunsa za kumene wachokera: kaya mvula inagwa, kaya ana ali bwino. Kamwendo anadabwa. "Ha, monga kwathu komwe!" anatero mumtima.

Atanena chimene wadzera, antchito anaboola khoma kuti alowetse mutu. M'kachipinda ka mkati munagona Mayi wa chiswe, wonenepa, woyera mbee. Ena ankamupukuta, ena ankamuika chakudya m'kamwa.

"Zikomo, Mayi," anatero Kamwendo. "Kodi ndi zoona kuti kuno mfumu imadya poyamba?"

"Ndi zoona, mwanangu. Koma poti wachokera kunja, tandiuza, dzuwa likuoneka bwanji masiku ano?"

"Dzuwa? Monga mwa masiku onse, Mayi."

"Ine ndinaliona kamodzi kokha, tsiku limene ndinathothola mapiko anga. Taona khomo la chipinda chino. Kodi thupi ili lingatulukire pamenepo? Ndimadya kuti ndiikire mazira, osapuma. Tsiku limene ndidzaleke kuikira, ana anga omwewa adzaleka kundidyetsa. Ndilo pangano la dziko lino."

Kamwendo anatulutsa mutu wake pang'onopang'ono. Anatsanzika, napitiriza ulendo.

Anayenda, nayenda, mpaka anafika kuchigwa cha njovu. Kumeneko nakonso anaomba m'manja, nakonso anamufunsa za kwawo. Nakonso wolamulira anali mayi, njovu yaikulu ya mnyanga umodzi.

"Khala pa chitsa icho, kamlendo iwe," inatero njovuyo, "tingakuponde, n'kutenga mlandu ndi dziko lanu."

Inali nthawi ya ludzu, ndipo gulu lonse linapita kudziwe. Atafika, onse anaima m'mphepete. Ana ankalira, koma palibe amene anapisa chitamba m'madzi. Mayi yekha analowa, namwa, naima nthawi yaitali madzi ali m'maondo. Kenaka anakupiza makutu, ndipo enawo analowa.

"Apa ndiye Khwangwala sananame," anaganiza Kamwendo. Koma njovuyo itatuluka, iye anaona kuti chitamba chake chinali zipsera zokhazokha.

"Pepani, Mayi, chinakuchitani n'chiyani?"

"Ichi ndi ng'ona ya chaka chatha. Ichi ndi ng'ona ya chaka chadzana. Ichi sindikukumbukanso." Njovu inapukusa mutu. "Ndimamwa poyamba kuti ngati m'madzi muli ng'ona, igwire ine. Ngati madzi ali ndi ululu, ndife ine. Kodi kwanu mfumu imatani?"

"Imakhala pathanthwe, kuyang'ana Chiwombankhanga."

"Ndiye kuti ntchito yathu ndi imodzi. Ukaipatse moni."

Kamwendo anachoka mutu uli wolemera. Komabe mumtima anati, "Kwatsala kwa mikango. Mkango ndiye mfumu yeniyeni. Ameneyo sangavutikire munthu."

Anayenda, nayenda, mpaka anafika kudziko la udzu wautali. Anapeza Mkango utagona pafupi ndi nyama ya mbidzi, akazi ndi ana akudikira chapatali. Kamwendo anaima patali, naomba m'manja.

"Yandikira, usaope," unatero Mkango. "Sungadzaze ngakhale dzino langa limodzi. Komanso kuno sitidya mlendo amene wapereka moni. Kwanu kwagwanji?"

Kamwendo anafotokoza, ndipo anafunsa funso lake lija.

"Inde, ndimadya poyamba," unatero Mkango. "Taona uko, kuseri kwa chitsamba."

Kamwendo anayang'ana. Kunali mkango wina wokalamba, nthiti zili poyera, ukusakasaka abuluzi m'miyala.

"Ameneyo anali mfumu dzinja lathali. Ndinamugonjetsa ndine. Mawa kudzabwera wina wofuna kupha ana awa, ndipo wokakumana naye kumalire ndine ndekha. Ndikapanda kudya, ndidzamenya nkhondo ndi chiyani? Ndikadzagonja, abuluzi aja ndi anga." Mkango unayasamula. "Koma nkhani yoti mfumu imangodya, anakuuza ndani?"

"Khwangwala."

Mkango unaseka, nthaka n'kunjenjemera.

"Khwangwala sanakhalepo pabwalo langa ngakhale tsiku limodzi. Amabwera ine nditapha, kudzatola zotsala. Kwanuko amene amapha ndani?"

"Chiwombankhanga."

"Nanga mfumu yanu ikaweramira chakudya, ayang'ane kumwamba ndani? Nanga zotsala adzatola ndani?"

Apo Kamwendo anazindikira chimene Khwangwala ankafuna.

Potsanzikana, Mkango unang'amba nthuli ya mafuta, numupatsa kuti ikhale kamba wa panjira. Mbira sadya nyama, koma Kamwendo anali ataona kale kuti m'dziko lililonse kukana mphatso ndi chipongwe. Anaikulunga m'masamba, naisenza.

Anafika kwawo tsiku limene mwezi unaoneka. Ambira onse anasonkhana patsinde pa thanthwe, ndipo Khwangwala anatera pa kachere kuti amve.

"Abale anga," anatero Kamwendo, "maiko atatu ndawayenda. Khwangwala ananena zoona: konseko mfumu imadya poyamba. Choncho mawa, dzuwa likafika paliwombo, ine ndidzadyera pathanthwe. Inu mudzadikire pakhomo pa mapanga anu mpaka nditakhuta."

Amayi a ana anayang'anana. Mfumu yokalamba inagwetsa nkhope, koma inali italonjeza, ndipo sinatsutse. Kamwendo sanayang'ane aliyense wa iwo. Maso ake anali pa Khwangwala, ndipo anamuona akuuluka mwakachetechete kulowera kuphompho kumene Chiwombankhanga ankakhala.

Kutacha, dzuwa litakwera, Kamwendo anakwera pathanthwe. Anaika msipu patsogolo pake, namasula masamba aja. Fungo la mafuta linafika mpaka pa kachere, pamene Khwangwala anali atabwerera kale.

"Bwanawe!" anaitana Kamwendo. "Pali mwambo wina umene unaiwala kundiuza. Konse kumene ndinapita, mfumu sidya mlendo akungoyang'ana. Nayi nthuli ya kwa Mkango. Bwera tidye."

Khwangwala anayang'ana kumwamba, nayang'ana nthuli.

"Zikomo, mfumu, ndakhuta."

"Ndi ya mbidzi, yonona."

"M'mimba mukundipota, mfumu."

"Chabwino. Ndiiponya kuphompho, akadye afisi."

"Ayi, ayi! Kutaya chakudya ndi tchimo. Ndingolawa kamodzi kokha."

Khwangwala anatera pathanthwe. Anajompha kamodzi, nayang'ana kumwamba. Anajompha kachiwiri, nayang'ana pang'ono. Atajompha kachitatu, mafuta anamufika kukhosi, ndipo anaiwala kuti kumwamba kuliko.

Kamwendo anawerama ngati akudya, koma sanatafune kanthu. Diso lake linali padzuwa. Linawawa, linatuluka misozi, koma sanaphethire. Kenaka pakati pa kuwalako panaoneka kadontho kakuda. Kadontho kaja kanakula, kanamera mapiko.

Kamwendo analiza likhweru, likhweru lake loyamba, ndipo linamveka phiri lonse. Ambira onse analowa m'mapanga. Iyenso anajowera mumng'alu wa thanthwe.

Chiwombankhanga anali atatsika kale ngati mwala, ndipo sakanatha kuima. Pathanthwe panatsala mmodzi yekha wowerama. Zikhadabo zinatera pamsana pa Khwangwala.

"Khwaa! Khwaa! Ndine! Ndine mnzako!"

"Mnzanga wa chiyani?" anakalipa Chiwombankhanga. "Suja unati ndidzapeza mfumu yonenepa itaweramira chakudya? Wowerama ndamupeza ndi iwe!"

Mawu amenewo ambira onse anawamva ali m'mapanga mwawo. Khwangwala anaphiriphitha, napulumuka, koma nthenga zake zinatsala mbwee pathanthwe ponse. Chiwombankhanga anabwerera kwawo ndi njala.

Kutakhala bata, mfumu yokalamba inakwera pang'onopang'ono, ikupapasa miyala.

"Mphwanga, palibe mwana watengedwa?"

"Palibe, atsibweni. Ndawawerenga onse."

"Tsono maiko aja unawapeza bwanji?"

"Moni ndi wofanana, atsibweni. Madzi a mlendo ndi ofanana. Kwina amalamulira amayi, kwina abambo. Kwina mfumu imadya poyamba, kuno imadya pomalizira. Koma konseko, choopsa chikamabwera, woyamba kukumana nacho ndi mfumu. Ena onse mwambo wawo ndi wathu womwe, anangousenzera paphewa lina. Tsikani mukapume. Thanthwe ndalitenga."

Mfumu yokalamba inagwira mphwake pamutu, nitsika. Kamwendo anatembenuka, nakweza maso kuthambo, ndipo ambira anatuluka kupita kudambo.

Kuyambira tsiku limenelo Khwangwala ndi Chiwombankhanga sanamwerenso madzi pamodzi. Mpaka lero, chiwombankhanga chikangodutsa, akhwangwala amachithamangitsa akukuwa, ndipo ambira akamva phokosolo amadziwa kuti mdani wayandikira. Amene ankafuna kuchotsa mlonda anasanduka mlonda wosalipidwa.

Phunziro lake ndi ili: munthu akakuuzani kuti maiko ena amachita zakutizakuti, musafulumire kutaya mwambo wanu. Yambani mwafunsa eni dzikolo chifukwa chake, ndipo mufunsenso chimene wokuuzaniyo adzadyepo mukasintha.

Nthano yanga yafika pamathero. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaifukule, ingapserere.