Velo ya Pempho m'Kabati ya Mfuti

Moni nonse okondedwa amene mwagwira nkhaniyi m'manja. Tiyamike Mulungu amene watidzutsa ndi moyo, natisunga ngakhale kuno kuchilendo. Ndikulemba mtima ukuwawa, pakuti zimene zinaonekera mayi Consolata Kalua a ku Syokimau, kufupi ndi Nairobi, sizinagwe kuchokera kumwamba, zinachita kuitanidwa.

Amuna awo, a Maurice, anabwera ku Nairobi kalekale pa ntchito ya bungwe lothandiza anthu. Ntchito itatha anakhazikika, natenga unzika, nagula malole onyamula chimanga ndi nyemba ku Industrial Area. Achifwamba atawavulaza pageti, anapempha chilolezo chokhala ndi mfuti. Lamulo limafuna kuti mfuti izikhala motsekedwa bwino, choncho anagula kabati yachitsulo yolemera, yoti moto usalowemo msanga, naimangirira pansi kuchipinda chogona.

Tsiku loibweretsa, fundi, ndiye kuti mmisiri, amene anaikhoma anaonetsa onse awiri lamba wakuda, wooneka ngati mphira, wozungulira m'mphepete mwa chitseko. Anati lambayo akamva kutentha amatupa n'kutseka mpata wonse, kuti utsi ndi moto zisowe polowera. Za chinyezi anati aziikamo timapaketi toyamwa chinyezi, azitiumitsa tikakhuta, ndipo azitsegula chitseko nthawi ndi nthawi kuti mupite mphepo. Mayi Consolata anamvetsera ngati ali pa ulaliki. A Maurice anali pafoni ndi dalaivala wawo.

"Sawa, sawa, chabwino, zonsezo ndikuzidziwa kale," anatero, akukupiza dzanja ngati akuingitsa ntchentche.

M'nyumba imeneyo munali chinthu chimodzi chimene mayi Consolata sakanachisinthanitsa ndi lole. Inali velo imene malemu amayi awo anaisoka pamanja ku Nguludi, n'kuipeta timaluwa m'mphepete monse, maso atayamba kale kuchita chidima. Mayi Consolata anaivala pa ukwati wawo, ndipo mwana wawo yekhayo, Pempho, anali atanena kuti pa ukwati wake wa mu Ogasiti sadzavala ina. A Maurice ndi amene anaumirira kuti velo ilowe m'kabatimo.

"Muno simulowa njenjete, simulowa mbala, simulowa moto," ankatero kwa alendo a kumpingo, akumenya chitsulo ndi chikhatho.

Mvula ya mu Epulo inagwa mosalekeza. Timapaketi tija sitinagulidwe, chitseko sichinatsegulidwe. Loweruka lina a Maurice anatulutsa mfuti kuti aipukute, napeza madontho a dzimbiri pampope. Nyumba yonse inamva.

"Wandibera fundi uja. Wandigulitsa chinthu chochita thukuta ngati munthu wa malungo."

"Anatiuza za timapaketi, bambo a Pempho. Ndipite ndikagule lero lomwe."

"Inu mukudziwa chiyani za katundu? Ine chimanga chikachita thukuta m'kontena ndimachipatsa mpata wopumira. Chikutsekera chinyezi ndi chilamba ichi."

Anatenga mpeni wa kukhitchini. Mayi Consolata anaima pakhomo.

"Chimenecho si chimanga. Lambayo ndi wa moto. Ngati simukundikhulupirira, muimbireni fundi."

"Ndimufunse mwana wa dzulodzulo za chitsulo? Ine?"

Anamatula lambayo chidutswa ndi chidutswa, n'kumaponyera kuseri kwa kabati.

"Ndiye ndipatseni velo ya amayi anga, ndikaisunge ndekha."

"Kuti anthu aziti a Kalua anagula chinthu chimene ngakhale mkazi wawo sachikhulupirira? Ikhala momwemo."

Anatseka, kiyi naponya m'thumba. Chilolezo chinali m'dzina lawo, ndipo kiyi ankayenda naye ngati mtanda wa m'khosi. Mayi Consolata anapempha m'mawa, anapempha pakudya, anapempha atachoka kumapemphero a m'limana. Yankho linali limodzi: "Mukundiyesa mwana?" Pamapeto mayi Consolata analeka kupempha, koma mtima unkawira ngati mphika wovundikira. Popemphera ankafika pa mawu okhululukira adani, lilime n'kulemera.

Lamulungu lina mu Juni ali ku Misa ku Buruburu, mnansi anaimba foni kuti kudenga kwawo kukutuluka utsi. Waya wamagetsi anali atayaka m'siling'i. Pamene ankafika, ozimitsa moto anali atauthetsa. Chipinda chogona chinali makala okhaokha ndi matope akuda, koma kabati inaima chilili pakona pake.

A Maurice anayang'ana anansi amene anaunjikana pakhomo, chifuwa chitatukuka.

"Mwaona? Ndinkanena ine."

Chitsulo chitazizira anatsegula. Munatuluka fungo loti munthu n'kubwerera m'mbuyo. Utsi ndi kutentha zinali zitalowera mumpata wopumira uja a Maurice anaipatsa, madzi a ozimitsa moto n'kulondola njira yomweyo. Mfuti inali itada ndi mwaye, koma chitsulo n'chitsulo. Pashelefu yapamwamba panali kanthu kakuda kofota, komatirira ngati phula. Mayi Consolata anakakhudza ndi chala. Pangodya pamodzi panatsala kaduwa kamodzi kopeta, kachikasu ngati dzino la wosuta fodya.

Sanalire. Anawerama, napisa dzanja kuseri kwa kabati, natulutsa chidutswa cha lamba uja. Chinali chitatupa ngati mandasi m'mafuta. Anatulutsa china, ndi chinanso, naziyala pa chikhatho pamaso pa amuna awo.

"Taonani, bambo a Pempho. Lamba wanu wagwira ntchito yake. Watupa monga anatiuzira. Koma watupira pansi, pamene munamutaya."

"Mayi a Pempho, anthu akuona."

"Aone. Munkawaitana kuti adzaone chitsulo chanu, lero aonenso ichi. Amayi anga anasoka velo imeneyi akubaya zala chifukwa maso anali atatha. Njenjete zinaileka zaka zonsezi. Makoswe a ku Ndirande anaileka. Yafera m'manja mwa munthu wodziwa zonse."

"Ndigula ina. Yoposa imeneyo."

"Kagulenitu. Mukafunse m'sitolo ngati akugulitsa manja a amayi anga."

Pomwepo foni ya mayi Consolata inalira. Anali Pempho, ali m'matatu, minibasi ya kuno, kuchokera ku hositelo, atamva za moto.

"Mami, muli bwino? Adadi ali bwino? Nanga velo? Ili m'kabati muja, eti?"

Mayi Consolata anatambasula dzanja, napereka foni kwa amuna awo.

"Muuzeni ndinu. Mukudziwa kale."

Pempho anakwatiwa mu Ogasiti atavala velo yobwereka. Kaduwa kaja amayi ake anakasokerera m'kati mwa diresi, pamtima, pamene palibe mlendo anakaona. Kabati yatsopano ili ndi lamba wake, ndipo a Maurice amaitsegula Loweruka lililonse, n'kumaumitsa timapaketi padzuwa mwakachetechete. Mayi Consolata akuti akuphunzirabe kukhululuka, ndipo sanafike. Ine sindingawaweruze. Kudzikuza kwa munthu mmodzi kunatentha cholowa cha akazi atatu, pamene kufunsa kunali kwaulere. Akuluakulu sananame pamene anati, Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo.

Ambuye akupatseni makutu ofewa ndi mtima wosachita manyazi kufunsa. Atchinjirize nyumba zanu ku moto, ndi ku liuma limene limautsegulira njira. Mtendere wake ukhale pa inu ndi ana anu.