Yosefe Woyera Pakati pa Nsalu Ziwiri

Pamishoni ina cha ku Ndunde, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itangotha, panali chithunzi cha Yosefe Woyera chojambulidwa ndi penti pansalu. Chinali chimodzi chokhacho, ndipo chaka chilichonse Akhristu ankachinyamula pa chikondwerero chake. Koma nsaluyo inali itatheratu, kungoigwira pang'ono inkang'ambika.

Bulazala Albert anasankha amuna awiri kuti awaphunzitse kuilimbitsa: kumata nsalu yatsopano kumsana kwa yakaleyo ndi phula losungunula, kenako kusita ndi simbi yofunda. Ignasio, kalipentala, anatchera khutu. Koma a Nikodemo, osita mikanjo ya ansembe, atangomva za simbi anaseka chikhakhali.

"Ine kuphunzitsidwa kusita? Simbitu ndinayamba kuigwira inuyo musanamere ndevu, a Bulazala!" Anatero a Nikodemo, uyo ulendo wokamwa thobwa. Motero sanaone pamene Bulazala ankamata mapepala opyapyala kumaso kwa chithunzicho kuti penti isakanganuke pogwira ntchito.

M'mawa mwake Bulazala anapita ku Limbe, Ignasio kumaliro. A Nikodemo anati mpata ndi uno wowaonetsa anyamata ntchito. Anapeza chithunzi chili pathebulo, mapepala ali pamwamba.

"Uku ndiye kumsana," anadziuza. "Ndani angamate mapepala kumaso kwa munthu woyera?"

Kutembenuza kuti aone, ayi, zimenezo n'za ophunzira. Anapaka phula, kuyala nsalu yatsopano, n'kusita mpaka thukuta kamukamu. Tisawanamizire, anasita bwino. Panalibe khwinya ngakhale limodzi.

Bulazala atabwerako anayang'ana chithunzi chija: nsalu. Kutembenuza: nsalunso.

"Nikodemo, Yosefe ali kuti?"

A Nikodemo anasuzumira uku ndi uku. "Ali momwemo, a Bulazala. Sanatulukemo."

Kumatula bwinobwino kunkafuna miyezi, pomwe chikondwerero chinali mkucha. Mayi Anjelina, otsogolera kwaya, anakwiya zedi.

"Ndiye ife tikaimbire nsalu? Amene anamutsekera amunyamule yekha, akayankhe anthu!"

Zinaterodi. A Nikodemo anayenda patsogolo pa gulu lonse atanyamula chinsalu choyera mbee, manyazi atawagwira mpaka kumapazi. Ndipo nkhalamba iliyonse yomwe ankaidutsa inkawakoka malaya n'kuwanong'oneza: "Pepani achimwene, tiweramire mbali iti?"

Akuluakulu sananame: Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo.